Chikhothi Chosachapidwa cha Amayi Anu

Tadala ndi Mphatso, ana anga, ndi inunso adzukulu amene mudzabadwe mwa awiriwa ine ndili ndi imvi kapena nditapita, khalani pansi ndikuuzeni. Ndikudziwa kuti zaka zanga sizinafike zoti ndizikamba mbiri ngati nkhalamba. Tsitsi langa likadali lakuda. Koma munthu akaika mkazi wake m'manda amakalamba tsiku lomwelo, ndipo zimene amasunga kuti adzakambe pa ukalamba amaona kuti ndi bwino azikambiretu. Ndalemba m'Chichewa dala. Mukafuna kudziwa zimene bambo anu ananena, muphunzire chilankhulo chanu, osati kujambula pepala ndi foni kuti ikumasulireni. Mphatso, ndikunena iwe.

Mwandifunsa kangapo za Loweruka lija limene ndinakukwezani m'galimoto muli ndi zovala zogonera, phala lili pa tebulo, n'kuthamanga nanu kuchoka kuno ku Oshawa mpaka ku Brampton, matauni a muno mu Canada. Tsiku limenelo sindinakuyankheni. Yankho lake ndi chikhothi. Pa katundu wawo yense, amayi anu anandisiyira pempho limodzi lokha, lakuti chikhothi chawo cha kusukulu chisadzachapidwe, ndipo m'mawa umenewo chinali pa ulendo wopita m'makina ochapira. Kuti mumvetse chifukwa chake munthu wamkulu angathamangire nsanza, ndiyenera kuyambira kutali.

Amayi anu ndinakumana nawo ku koleji ku Blantyre. Ine ndinkaphunzira uphunzitsi wa masamu, iwo uinjiniya wa misewu, milatho ndi madzi. M'kalasi mwawo atsikana unkawawerenga ndi dzanja limodzi, zala n'kutsalako. Atamaliza anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku France, pa sukulu ya mainjiniya ya m'tauni ina ya mvula yosatha, kufupi ndi nyanja yamchere. Ine ndinatumizidwa kukaphunzitsa ku sekondale ina ku Dedza. Tinali tisanakwatirane. Pa bwalo la ndege ndinawagwira chanza ngati mlendo, chifukwa amalume awo anali pompo akundiyang'ana.

Mukamva za sukulu ya ukachenjede mumaganiza za ija ya ku North York imene tinaidutsa pa basi, yaikulu ngati mzinda. Ya amayi anu sinali choncho. Inali yaing'ono, ya mpanda wamiyala, aliyense wodziwa mnzake ndi dzina. Anzawo a kumeneko anali atatha zaka ziwiri akungophunzira masamu ndi fizikisi, m'mawa mpaka madzulo, kukonzekera mayeso olowera pa sukulupo. Amayi anu ankati anyamata amenewo anafika ataotchedwa kale ngati njerwa za mu uvuni, pamene iwo anafika ngati chidina, kunja mvula ikugwa.

Pa sukulupo panali mwambo. Wophunzira watsopano aliyense ankapatsidwa kholo, ndiye kuti wophunzira wa chaka chachiwiri woti azimuyang'anira. Kholo linkagula chikhothi chotuwa, chonga chimene amavala amakaniko, n'kulemba kumsana dzina lake ndi mayina a makolo a m'mbuyo mwake, kenako n'kumuveka mwana wakeyo pa tsiku lolandirana. Kholo la amayi anu linali mnyamata wamtali ngati mlongoti, dzina lake Mathieu, koma iwo ankamutchula kuti Mateyu. Iye anangopatsidwa kapepala kolembedwa kuti Chifundo, wa ku Malawi. Poti pa sukulupo ochuluka anali amuna, sanafunse n'komwe, anangogula chikhothi cha msinkhu wake iye mwini. Kufupika kwa amayi anu mukukukumbukira. Atavala, mikono inalendewera kupitirira zala, m'munsi mukukwekwera pansi. Holo yonse inagwira nthiti ndi kuseka. Kusintha sikunali kotheka, poti chinali cholembedwa kale. Anapinda mikono katatu, ndipo anayenda choncho zaka zitatu.

Malamulo a chikhothi anali awiri. Loyamba, sichilawa madzi ndi sopo mpaka kalekale. Lachiwiri, mwini wake salembapo kanthu. Amalembapo ndi munthu amene wakuvuula pamene unkamira, ndipo cholembera umamupatsa ndiwe. Choncho ukaona wophunzira wa chaka chomaliza ali ndi chikhothi choyera bwino, sunkamusirira. Unkadziwa kuti ndi munthu wonyada amene sanapemphepo thandizo, kapena wopanda anzake.

Masiku amenewo kulankhulana sikunali kwachibwana ngati kwanuku, kongodina nkhope ya munthu pa tabuleti. Amayi anu ankagula khadi lokala loimbira foni n'kukaima m'kanyumba ka telefoni ka pamphambano, ine nditakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, poti netiweki ya sukulu yathu yonse inkakhala pa chulu chimenecho. Lamlungu lina ndinamva akulira. Akuti mayeso oyamba apeza khumi ndi chimodzi pa makumi awiri. Munthu amene kuyambira ku pulayimale sanakhalepo nambala thuu! Ndinawatonthoza ngati pamaliro. Lamlungu lotsatira anaimba akuseka. Mateyu anali atawatengera pa bolodi la zotsatira n'kuwaonetsa kuti theka la kalasi lili pansi pawo. Aphunzitsi a kumeneko amaumira malikisi ngati mbewu ya chaka cha njala. Osati kuno, Mphatso, kumene umabwera ndi nyenyezi yagolide chifukwa chokhala phee pa mpando.

Chimene chinawagwetsadi ndi mayeso apakamwa. Unkalowa wekha, n'kutola kapepala ka funso m'bokosi. Ankakupatsa mphindi zochepa zoganiza, kenako uime pa bolodi ndi choko kufotokoza, mphunzitsi atakhala kumbuyo osagwedeza ngakhale mutu. Funso la amayi anu linali la mmene madzi amayendera m'paipi yopindika. Yankho ankalidziwa. Koma atatembenuka kuti alankhule, Chifalansa chonse chinathawa, m'kamwa munangotsala Chichewa. Anapeza zinayi. Akanalephera kachiwiri akanabwerera kwathu manja ali m'khosi. Amene anawagwira dzanja ndi mtsikana wina wa ku Morocco. Masana aliwonse kwa mwezi wathunthu ankawaimika pa bolodi m'kalasi yopanda anthu, iye n'kukhala kumbuyo atakwinya nkhope ngati mphunzitsi uja. Atakhoza, amayi anu anamupatsa cholembera. Mtsikanayo analemba samu ya paipi ija pa mkono wamanzere, ndipo pansi pake anaikapo zilembo za Chiarabu.

Chaka choyamba chitatha, aliyense ankatumizidwa kukagwira ntchito ya manja, osati mu ofesi ayi, koma ngati lebala weniweni. Ankati injiniya asalamule munthu kunyamula chinthu chimene iye sanachinyamulepo. Amayi anu anapita ku fakitale youmba mapaipi a simenti. Kumeneko kunali bambo wina wachikulire amene sanawalankhule sabata yonse yoyamba. Tsiku lina ndi yemweyo amene anawakokera kumbuyo, chikhothi chachitali chija chitatsala pang'ono kukodwa mu lamba wa makina. Atamupatsa cholembera anakana, akuti zolemba zake n'zonyansa. Anaviika chala chachikulu mu penti yofiira n'kudinda pa thumba la pachifuwa.

Za zakudya ndisayambe, tingachedwe. Koma dziwani kuti anthu amenewo masana amatseka mabuku n'kudya mosathamanga, ngakhale mawa kuli mayeso. Buledi wawo ndi wautali ngati nzimbe, ndipo amayenda naye m'khwapa osakulunga. Tchizi china cha mnzawo wogona naye chipinda chimodzi amayi anu anachitaya kunja poganiza kuti chaola, mwini wake n'kutsala pang'ono kulira. Pomupepesa anamukazingira mtedza wa kwathu wothira mchere, umene ndinawatumizira ndi munthu. Kuyambira pamenepo gulu lawo lowerengera limodzi silinkatsegula buku popanda mbale ya mtedza. Mafuta ake anatsalira m'matumba a chikhothi.

Tinakwatirana ku Ntcheu pa tchuthi cha chaka chachiwiri, ndipo chaka chomaliza ndinawatsatira. Apa ndiulule tchimo langa. Woyamba kufuna kuchapa chikhothi chija ndinali ine. Za lamulo lake anali atandiuzapo pa foni, koma ndinkayesa nthabwala za ana a sukulu. Ndinachipeza chitakolekedwa kuseri kwa chitseko, chikununkha choko, mafuta ndi simenti. Kwathu mkamwini wabwino amaoneka ndi ntchito, ndiye ndinati ndimudabwitse mkazi wanga. Ndinathira madzi otentha m'beseni, sopo n'kusungunula. Anandipeza chikhothi chili m'manja.

"Limbani! Ika pansi."

"Ndimati ndikuchapire. Anthu aziti mwamuna wako ndi wotani?"

"Aziti ali ndi manja awiri. Ukachiviika utsala ndi limodzi."

Tsiku limenelo anandikhazika pa bedi n'kundiwerengera chikhothi chonse, mkono ndi mkono, ngati munthu akukuyendetsa m'mudzi mwawo, nyumba ndi nyumba.

Mapeto a sukulu imeneyo ndi tsiku loima pamaso pa oweruza. Theka la chaka wagwira ntchito pa kampani, walemba buku lako, ndiye uime uliteteze pamaso pa aphunzitsi ndi mainjiniya akuluakulu. Akatha kukufunsa amakutulutsa n'kutseka chitseko kuti akambirane. Tinadikira m'khonde. Anzawo onse anali atavala zikhothi zawo, amayi anu ali mu suti, chikhothi ndawanyamulira ine. Chitseko chitatsegulidwa, wamkulu wa oweruza anawagwira chanza n'kuwatchula kuti injiniya. Phokoso limene linabuka m'khondemo silinali la anthu ophunzira. Pakati pa phokosolo amayi anu ananditambasulira cholembera.

"Ine wa masamu a Fomu Thuu ndakuthandiza chiyani?" ndinatero.

"Unakwera chulu zaka ziwiri. Lemba."

Malo oonekera anali atatha. Ndinapinda kolala n'kulemba mkati mwake mawu atatu: Wamaliza. Tiye kwathu.

Kwathuko sitinapite. Ntchito inawaitanira kuno ku Canada. Tinati zaka zitatu zokha, kenako unabadwa iwe Tadala, kenako Mphatso, kenako nyumba ino. Amayi anu ankayang'anira mapaipi a pansi pa misewu. Mukatsegula mpopi, ena mwa madziwo amadutsa m'njira zimene anajambula iwo. Ine ndinapeza malo ophunzitsa masamu. Chikhothi chinakhala kumapeto kwa wadirobu, kuseri kwa majekete a nthawi yozizira. Za matenda sindilemba zambiri. Munaona ndi maso anu, ndipo zimene simunaone sindikufuna muzione kudzera mwa ine. Ndingonena za masana ena kuchipatala. Kuchokera pamene unabadwa iwe ankanditchula kuti bambo a Tadala, koma tsiku limenelo anandiitana ndi dzina langa.

"Limbani. Zovala zanga agawane mmene amachitira kwathu, usalimbane nawo. Koma chikhothi chija chisachapidwe. Ana akadzakula adzaone kuti mayi wawo sanafike pano yekha."

Ndinavomera ndi mutu. Sindinauze munthu aliyense.

Mwambo wa kwathu mukuudziwa pang'ono. Munthu akamwalira, zovala zake zimachapidwa zonse kuti achibale agawane zoyera. Amene anatsogolera zimenezi ndi amayi anu aakulu a ku Brampton, mayi a Dalitso, a bere limodzi ndi amayi anu. Patatha mwezi chiikireni maliro, anabwera Lachisanu ndi amayi awiri a kutchalitchi, atanyamula zikwama zikuluzikulu, kuti akachape kwawo kenako atumize ku Ntcheu. Ndinayenera kuima pakhomo la chipinda n'kunena mawu ochepa chabe. Koma nditamva mahang'ala akugundana, miyendo inanditulutsa yokha. Ndinakutengani kupita ku laibulale, ndipo tinabwerako atapita. M'chipindamo sindinalowemo, masiku amenewo ndinkagona pa sofa. Ndinadziuza kuti chinthu chakuda chotero, chobisika kumapeto, palibe angachikhudze.

Loweruka m'mawa ndinalowa kukatenga jekete, chifukwa kunja sinowo, chipale chofewa chija, inali itayamba kugwa. Kumapeto kwa wadirobu kunali hang'ala yopanda kanthu. Ndinaimbira mayi a Dalitso kasanu, osayankha. Ndinakumbukira kuti anati ayamba kuchapa m'mawa, asanapite ku shifiti yawo yosamalira okalamba, ndipo makina a pa fulati yawo ali pansi, kubesimenti, kumene foni sigwira. Ndi pamene ndinakunyamulani. Tadala, unandifunsa m'Chingerezi ngati wina wamwaliranso. Ndinati ayi. Msewu waukulu uja wodutsa kumtunda kwa Toronto ndauyenda kambirimbiri, koma tsiku limenelo sunkatha. M'maso mwanga ndinkangoona chala chofiira chija chikusungunuka m'madzi.

Tinatsika masitepe tonse atatu. Makina anayi ankazungulira. Pa galasi la oyamba ndinaona diresi yachikasu ya amayi anu ikugubuduzika m'thovu. Ndinayenda makina ndi makina kufunafuna chotuwa. Mayi a Dalitso anali pa benchi akupinda zitenje.

"Alamu! Kwagwanji? Anawa bwanji ali ndi mapijama kunja kukuzizira chonchi?"

"Chikhothi," ndinatero. "Chotuwa. Cholembalemba."

"Chinsanza chija? Mwadiraiva kuchoka ku Oshawa chifukwa cha chimene chija?"

"Chili m'makina ati?"

"M'makina? Alamu, mukunditenga ngati mwana? Ine ndingaphatikize chovala cha munthu wamoyo ndi za malemu m'madzi amodzi? Mukufuna kwathu akamve kuti ndakuitanirani tsoka?"

Anawerama n'kukoka jumbo yakuda pansi pa benchi, yomanga pakamwa.

"Amayi a kutchalitchi aja anangokokolola zonse. Ine pokhuthula m'mawa uno ndaona chikhothi chachimuna, mapewa mpaka uko, ndati ichi n'cha alamu, chalowa molakwika. Ndimati ndikupatseni Lamlungu, ndikulankhuleninso bwinobwino. Mng'ono wanga wangopita mwezi umodzi, inu mwayamba kale kusunga zovala zonunkha chonchi? Sopo wakulakwirani chiyani?"

Ndinamasula jumbo. Chala chofiira chinali pamalo pake. Samu ya paipi inalipo. Ndinapinda kolala, mawu anga atatu analipo. Ndinakhala pansi pa simenti, ndipo ndinaseka. Inu munandiyang'ana mwamantha, chifukwa kuseka kumeneko kunali ndi misozi, ndipo pamaliro ponse simunandione ndikulira.

"Si changa, alamu," ndinatero nditapeza mpweya. "N'cha Chifundo. Cha ku France."

"Chifundo? Kamunthu kaja, m'chinthu ichi?"

Ndinawaonetsa mikono, mizere itatu ya mopinda imene sinafafanizike. Ndinawafotokozera za Mateyu, za malamulo awiri aja, ndi za mawu a kuchipatala. Kenako ananyamula chikhothi n'kuchiika kumaso, nthawi yaitali, makina akungozungulira.

"Mukanangonena, bambo inu," anatero atachichotsa. "Pakamwa mumapasungira chiyani? Ndikanadziwa kuti n'chake, bwenzi chili choyamba kulowa m'madzi, ndi bulitchi yemwe."

Pa benchi panali cholembera chakuda chimene ankalembera mayina pa zikwama zopita ku Ntcheu. Ndinachitola n'kuwatambasulira.

"Lamulo lake ndi lakuti amene wakuvuula alembepo."

"Ine sukulu ya ku France ndinaionera kuti?"

"Lembani, alamu."

Anafunafuna malo mpaka anapeza kadanga m'munsi, pamene pankakwekwera pansi paja. Analemba pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano: Sindinachape. Akulu ako.

Kuyambira tsiku limenelo ndinabwerera kugona m'chipinda. Chikhothi chili m'wadirobu, m'thumba la nsalu, ndipo tsopano aliyense wolowa m'nyumba muno ndimamuuza, ngakhale sanafunse. Mukadzakula mudzachitulutse, mudzachiwerenge mkono ndi mkono. Zilembo za Chiarabu zija mudzapeze munthu akumasulireni. Ine ndayesa kufunsa kangapo, koma ndimabwerera ndisanafunse. Inu adzukulu, mlendo akadzakuuzani kuti m'nyumba mwanu muli chovala chonunkha choko ndi mtedza, mudzamuuze kuti mukudziwa, achisiye pomwepo.

Koma Mphatso, lamuloli ndi la chikhothi chokha. Masokosi ako amene ndawapeza kuseri kwa sofa alowe m'madzi lero.